Za Pampu ya Petulo pa Njinga Yamoto

Ambiri a ife tinafika pa sukulu pano tsiku lotsekulira titakwera njinga yamoto, sutikesi ili pamiyendo, ndowa itamangidwa kumbuyo. Masiku ano munthu akaima pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Balaka, sangawerenge kufikira khumi asanaone wakabaza akudutsa. Agogo athu ankaitcha mthuthuthu chifukwa cha kulira kwake, ndipo m'masiku awo inali ya abusa, alangizi a zaulimi ndi anthu a boma okha. Lero yasanduka khasu la mabanja ambiri, ndipo banja lathu ndi limodzi mwa iwo, pakuti fizi imene ndikuphunzirira ine imachokera pa njinga ya achimwene anga amene amanyamula anthu pa Liwonde.

Tsono aliyense wodziwa ntchito ya kabaza adzakuuzani kuti chimene chimadya ndalama koposa ndi petulo. Mafuta akasowa, monga anasowera m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kawirikawiri kuyambira 2022, wakabaza amagula petulo wa m'zigubu pa mtengo wowawa, ndipo madzulo amabwerera kunyumba ndi ndalama yosakwana ndiwo. Nchifukwa chake achimwene atamva kuti pali njinga zina zopanda kabuleta, zimene zimamwa mafuta mwa muyeso ndi kulira msanga m'mawa, mtima wawo sunakhazikike.

Pa tchuthi chapitachi msuweni wathu anabwera kuchokera ku Johannesburg atanyamula kabokosi ka zipangizo zosinthira njinga ya kabuleta kuti ikhale ya injekita. Munali injekita, kakompyuta, masensa ndi mawaya, koma pampu ya petulo ndi leguleta yake munalibe. Amakaniko ena amene achimwene amadziwana nawo anati, "Musade nkhawa, achimwene, pampu ndi pampu basi. Ndili nayo ya galimoto imene inachita ngozi." Anaimanga, nalumikiza ndi paipi yakale ija, ndipo njinga inaliradi. Koma inayamba kutulutsa utsi wakuda ndipo pulagi inada ngati mphika. Tsiku lachiwiri batire linatheratu ali pa msewu wa ku Ulongwe, wokwera nkutsika osalipira. Tsiku lachitatu paipi inavuka, petulo nawazikira pa mwendo wawo pafupi ndi ekizozi yotentha. Mwayi wake moto sunabuke.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nditabwerera ku sukulu ndinapita kwa aphunzitsi athu a Physics ndi kuwafotokozera zonse. Iwo sanandipatse yankho msanga, koma anandituma kukawerenga, kenaka tinakhala pansi ndi kuwerengera pamodzi masana atatu. Zimene ndinapeza ndi zimene ndifuna kugawana nanu pano, pakuti zinthu zitatu zija zinali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili m'mabuku omwe timanyamula tsiku ndi tsiku.

Kusiyana kwa kabuleta ndi injekita

Tiyambe ndi chimene injini imafuna. Petulo payekha sayaka, afunika mpweya. Kuti apse bwino, gawo limodzi la petulo lisowa magawo 14.7 a mpweya, tikayesa kulemera kwake. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene idayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndipo chifukwa ethanol asowa magawo 9 okha a mpweya, muyeso wa petulo wathu umatsikako pang'ono. Mafuta akachuluka kuposa muyeso, amatuluka osapsa, nakhala utsi wakuda ndi mwaye pa pulagi. Akachepa, injini imatsokomola, imafooka ndi kutentha koposa, ndipo nthawi zina valavu kapena pisitoni imapsa.

Kabuleta imasakaniza ziwirizi popanda magetsi. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya kudzera pa kammero kopapatiza. Pamalo popapatizapo mpweya umathamanga kwambiri ndipo pulesha yake imatsika, monga adafotokozera Daniel Bernoulli m'chaka cha 1738 ndi Giovanni Venturi m'chaka cha 1797. Kutsika kwa puleshaku nkumene kumayamwa petulo kuchokera m'kambale ka pansi pa kabuleta. Petuloyo amafika m'kambalemo yekha, pakuti thanki ili pamwamba ndipo iye amangotsetsereka monga madzi a m'ngalande. Pampu siifunika konse.

Kabuleta ndi chinthu chanzeru ndithu, koma ilibe maso. Liwonde ali pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600. Munthu akakwera njinga kuchokera ku Liwonde kudzera pa Balaka ndi Ntcheu kukafika ku Dedza, mpweya umene injini ikukoka umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Kabuleta siichepetsa petulo molingana ndi kupepukako, kotero mafuta amachuluka. M'mawa wa mwezi wa June kukazizira, imafuna choko. Masana a October imafuna zina. Mwini njinga amangoichuna pakatikati, nkupirira zotsalazo.

Njira ya injekita ndi ina. Injekita ndi kampopi kakang'ono kotsekulidwa ndi magetsi, kamene kamafaira petulo ngati nkhungu m'njira yolowera mpweya. Kakompyuta kamamva kuchokera ku masensa liwiro la injini, kutentha kwake, kuchuluka kwa mpweya ndi m'mene woyendetsa wapotokolera moto, ndipo kamalamula injekita kutseguka kwa kanthawi koyenera. Taonani kufulumira kwake. Injini yathu imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, injekita imatseguka ka 3,000 pa mphindi, ndiko kuti ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo pa njinga ya 150 cc petulo wotuluka nthawi iliyonse sakwana ngakhale theka la dontho.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kampani ya Bosch idaika injekita yolamulidwa ndi magetsi pa galimoto ya Volkswagen m'chaka cha 1967. Pa njinga zamoto, Kawasaki idagulitsa yake m'chaka cha 1980, Honda idatsatira mu 1982 ndi njinga ya CX500 Turbo, ndipo BMW mu 1983 ndi K100. Zonsezi zinali njinga zazikulu za anthu olemera. Mu 2003 Honda idatulutsa ku Thailand kanjinga ka Wave 125i, ndipo kuyambira pamenepo injekita idatsikira kwa anthu wamba. Ku India lamulo loletsa utsi woipa lidakhwima pa 1 April 2020, ndipo njinga zambiri zatsopano za kumeneko zidasiya kabuleta. Koma zambiri mwa zimene zimafika kuno kwathu, za ku India ndi za ku China zomwe, zidakali za kabuleta, chifukwa nzotsika mtengo ndipo makaniko aliyense amazidziwa.

Chifukwa chake pafunika pampu

Kuti petulo atuluke ngati nkhungu pa timabowo ta injekita m'kanthawi kochepa chotere, ayenera kukankhidwa mwamphamvu. Kukankha kumeneku nkumene amakaniko amakutcha pulesha, ndipo kumayesedwa m'mabar. Tayala la njinga yamoto limapopedwa pafupifupi mabar 2. Injekita zambiri za njinga zimafuna mabar 3, kapena kuti makilopascal 300, ngakhale zina zimafuna 2.5 ndipo zina 3.5. Ndiye kuti m'paipi ya petulo muyenera kukhala pulesha yoposa ya m'tayala.

Kodi thanki yokhala pamwamba singathe kupereka pulesha imeneyi? Tiyeni tiwerengere monga timachitira m'kalasi. Pulesha ya chinthu chamadzimadzi ndi kulemera kwake pa muyeso, kuchulukitsa ndi mphamvu yokokera pansi, kuchulukitsanso ndi kutalika. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.74. Ngati petulo wa m'thanki ali masentimita 30 pamwamba pa injini, pulesha yake ndi mabar 0.02 okha. Kuti ifike mabar 3, thankiyo iyenera kukwezedwa mamita 41 m'mwamba, kuposa mlambe uliwonse umene mudauonapo m'chigwa cha Shire. Popeza palibe angayende ndi thanki pamwamba pa nsanja yotero, tifunika pampu.

Pampu ya petulo ndi kamota kamagetsi kamene kamazunguza kagudumu ka mapiko. Pa njinga zambiri zopangidwa ndi injekita, pampuyi imakhala m'kati mwa thanki, yomira m'petulo. Wina angaope kuti magetsi ndi petulo ziyambitsa moto, koma m'thanki yotsekedwa nthunzi ya petulo imachuluka kotero kuti mpweya woyatsira moto umaperewera. Petulo yemweyo ndiye amaziziritsa kamotako ndi kukafewetsa pamene akudutsa m'kati mwake. Mukatsekula kiyi wa njinga yotere mumamva kulira kwa "zii" kwa masekondi awiri kapena atatu: ndiyo pampu ikudzaza paipi injini isanalire. Potulukira pake pali kavalavu kolola petulo kupita kutsogolo kokha, kotero kuti pulesha imatsalabe m'paipi ngakhale injini itazima.

Ntchito ya leguleta

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kakompyuta kaja sikaona petulo amene watuluka. Chimene kamalamula ndi nthawi yokha imene injekita ikhale yotseguka, ndipo kamakhulupirira kuti pulesha ili pa muyeso umene kanauzidwa. Pulesha ikasintha, petulo wotuluka m'nthawi yomweyo amasinthanso, ndipo masamu onse a kakompyuta amasokonezeka.

Mukhoza kudzionera nokha ndi chigubu cha madzi. Boolani kabowo m'munsi mwake ndi msomali, mudzaze madzi, muone m'mene akuthamangira. Madzi akamatsika m'chigubumo, mtsinje wotuluka umafookanso. Evangelista Torricelli wa ku Italy adapeza m'chaka cha 1643 kuti liwiro la madzi otuluka pa bowo silikula molingana ndi kuya kwa madzi, koma molingana ndi square root yake. Ndiye kuti kuti madzi atuluke mowirikiza kawiri, pulesha iyenera kuwirikiza kanayi. Aphunzitsi athu ndi ine tinayesa ndi botolo la malita awiri kuseri kwa labotale, ndipo tinaona kuti pamene madzi atsala gawo limodzi mwa magawo anayi a kuya kwake, mtsinje unafika pafupifupi theka la pamene unkafika poyamba.

Lamulo lomwelo ligwira pa injekita. Tiyerekeze kuti inapangidwira mabar 3. Pulesha ikatsika kufika pa mabar 2, petulo amachepa ndi magawo 18 pa 100 alionse, ndipo injini imafooka pokwera chitunda itanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga. Ikakwera kufika pa mabar 4, petulo amachuluka ndi magawo 15 pa 100. Ikafika pa mabar 6, amachuluka ndi magawo 41 pa 100. Pampu ya galimoto yopanda potulutsira petulo wotsala imakankha kufikira mphamvu yake yonse, ndipo zambiri zimafika mabar 5 kapena 6. Umu ndi m'mene utsi wakuda wa achimwene unabadwira. Anafuna kusunga mafuta, koma anali kuwataya kuposa kale.

Chimene chinasowa ndi leguleta. Tisaisokoneze ndi leguleta ya magetsi imene imatchaja batire. Iyi ndi ya petulo. Ndi kachitini kachitsulo kogawidwa pakati ndi kachikopa ka labala. Mbali imodzi kuli petulo wochokera ku pampu, mbali ina kuli sipuling'i imene ikukankha kachikopako kuti katseke bowo lobwerera ku thanki. Pulesha ikakhala yochepa, sipuling'i imapambana ndipo bowolo limakhala lotseka. Ikafika pa mabar 3, petulo amagonjetsa sipuling'i, kachikopa kamanyamuka, ndipo wotsalayo amabwerera ku thanki. Ntchito yake ifanana ndi ya zitseko za Kamuzu Barrage pa Liwonde, zimene zidamangidwa mu 1965: madzi akachuluka kumtunda zimatsegulidwa, akachepa zimatsekedwa, kuti mulingo usasinthesinthe.

Pali njira zitatu zoikira leguleta. Yoyamba ndiyo kuiika pafupi ndi injekita, nkukoka paipi yachiwiri yobwezera petulo ku thanki. Wosintha njinga ya kabuleta amavutika apa, pakuti thanki yake ili ndi bowo limodzi lokha, ndipo kuboola kapena kuwotcherera thanki imene munali petulo ndi kuputa imfa. Yachiwiri ndiyo kuika pampu ndi leguleta pamodzi m'thanki kapena m'kachitini kake, kotero kuti petulo wotsala amabwerera pomwepo ndipo ku injini kumapita paipi imodzi. Njinga zazing'ono zambiri zatsopano zidapangidwa motere. Yachitatu ndiyo yakuti kakompyuta kazichepetsa kapena kuwonjezera liwiro la pampu, mwa kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi ake mofulumira kwambiri.

Palinso kanthu kena kamene ambiri amaiwala. Injekita siifaira petulo panja, koma m'njira ya mpweya kuseri kwa kachitseko ka moto. Injini ikamalira njinga itaima, kachitsekoko kamakhala pafupifupi kotseka, ndipo pulesha ya m'njiramo imatsika pansi pa ya mpweya wa kunja, kotero petulo amayamwidwanso kuwonjezera pa kukankhidwa. Chimene chimalamula kutuluka kwa petulo ndi kusiyana kwa pulesha ya m'paipi ndi ya m'njira ya mpweya. Nchifukwa chake leguleta zina zili ndi kapaipi kopita ku njira ya mpweya, kuti kusiyanako kukhale chimodzimodzi nthawi zonse. Zina zilibe, ndipo kakompyuta ndiko kamawerengera kusinthako. Wogula ayenera kudziwa kuti kakompyuta kake kanakonzedwera mtundu uti.

Magetsi a njinga ndi ochepa

Tsopano tione za batire lija. Mphamvu ya magetsi ndi mavoti kuchulukitsa ndi maampeya. Pampu yopangidwira njinga yaing'ono imakoka ampeya imodzi kapena awiri, ndiko kuti mawati 12 kufikira 24 pa mavoti 12. Pampu ya galimoto imakoka maampeya 5 kufikira 8. Titenge 6: ndi mawati 72, ofanana ndi nyali ziwiri za kutsogolo za mawati 35. Galimoto siimva kanthu chifukwa ili ndi chopangira magetsi chachikulu. Koma makoyilo a njinga ya kabuleta anapangidwa kuti ayatse nyali, alize hutala ndi kudonthezera pang'ono m'batire. Pa njinga zina magetsi a nyali sadutsa nkomwe m'batire, ndipo gawo lotchajira ndi laling'ono zedi.

Batire la njinga zotere limasunga pafupifupi maampeya 5 kufikira 7 a ola limodzi. Ngati pampu, kakompyuta ndi injekita zikudya maampeya 3 kuposa amene makoyilo akubweza, batire la 5 silikwanitsa maola awiri. Ndipo mavoti akamatsika pampu imafooka, injekita imachedwa kutseguka, kenaka zonse zimaima. Njinga ya kabuleta batire likafa umaiponda kiki nkumapita. Yosinthidwa mosaganizira bwino siitero, pakuti popanda magetsi palibe pulesha, ndipo popanda pulesha palibe petulo. Opanga njinga zazing'ono za injekita adalimbana nalo vutoli mwa kukulitsa makoyilo ndi kupanga tipampu tosadya magetsi, kotero kuti zina zimalira ndi kiki ngakhale batire litafooka. Wosintha yekha ayenera kuyesa magetsi ake asanagule kanthu.

Kutentha kwa m'chigwa

Pampu yaikulu ili ndi choipa china. Injini ya 150 cc, ngakhale itapatsidwa moto wonse, imamwa malita pafupifupi 4 okha pa ola. Pampu zambiri za galimoto zimatha kukankha malita 100 pa ola. Ngakhale titaika leguleta yabwino, malita 96 otsalawo amangozungulira, kuchoka m'thanki, kudutsa pafupi ndi injini yotentha, nkubwereranso. Mphamvu yonse ya pampu imasanduka kutentha m'petulo wochepa wa m'thanki ya njinga.

Petulo ndi msakanizo wa zinthu zambiri, ndipo zopepuka mwa izo zimayamba kuwira pa madigiri apakati pa 30 ndi 40. Inu nonse mukudziwa Liwonde ndi Balaka m'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha nthawi zina kumapitirira madigiri 35 ndipo thanki yachitsulo siikhudzika ndi dzanja. Pamene petulo ali pa mabar 3 sawira msanga, koma polowera pampu, pamene akuyamwidwa, amatulutsa thovu la nthunzi. Pampu siitha kukankha nthunzi monga imakankhira madzi, kotero pulesha imagwa ndipo injini imazima ngakhale thanki ili ndi mafuta. Chifukwa chake pampu yokhala kunja kwa thanki iyenera kuikidwa m'munsi mwa thankiyo, kutali ndi ekizozi, ndi paipi yolowera yaifupi ndiponso yotakata.

Chizolowezi chathu chogula petulo lita imodzi imodzi chimaipiranso pampu. Kabuleta ili ndi kambale kosungira, kotero petulo akasefukira mbali ina ya thanki pa msewu wa mabampu wopita ku Nayuchi, injini siidziwa. Pampu ikayamwa mpweya ngakhale kwa sekondi imodzi, pulesha imagwa pomwepo. Ndiponso popeza petulo ndiye amaiziziritsa, kuiyendetsa youma kawirikawiri kumaipha msanga. Osintha njinga mwaluso amaika kachitini kakang'ono pansi pa thanki, kamene kamakhala kodzaza nthawi zonse, pampu nimayamwa m'menemo. Kachitinika kayenera kukhala ndi kapaipi kokwera ku thanki kotulutsira nthunzi.

Mapaipi, sefa ndi moto

Paipi ya kabuleta inapangidwira petulo wongotsetsereka, ndipo imagwidwa ndi kawaya kofewa. Kuipatsa mabar 3, kapena 6 monga zinachitikira kwathu, kuli ngati kuthira madzi a mumpopi m'phesi la papaya. Paipi ya injekita ili ndi ulusi wolimba m'kati mwake, ndipo yabwino imalembedwa SAE J30R9 pambali. Imene imamira m'thanki ndi ya mtundu winanso, SAE J30R10, pakuti kunja kwa paipi wamba kumafewa ikakhalitsa m'petulo. Polumikiza paliponse pafunika kilampu yomanga ndi bauti. Mphira wa chubu, umene timamangira zonse kumudzi, pano ulibe malo.

Sefa zifunika ziwiri. Yoyamba, ya mabowo aakulu, imakhala polowera pampu kuti itchinge mchenga ndi dzimbiri. Yachiwiri imakhala pakati pa pampu ndi injekita, ndipo imagwira tizinthu ta mamicron pafupifupi 10, pamene tsitsi la munthu ndi lonenepa mamicron pafupifupi 70. Iyi iyenera kukhala yopirira pulesha, osati kapulasitiki koonekera m'kati ka pa kabuleta. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi fumbi kapena madzi, ndipo ethanol amakoka chinyezi chimene chimadyetsa thanki dzimbiri. Kabuleta ikatsekeka umaimasula pansi pa mtengo wa mango nkuipemerera. Injekita ikatsekeka siitheka ndi waya kapena singano.

Chachikulu koposa ndi ichi: pampu isalumikizidwe ku kiyi mwachindunji. Ilandire magetsi kudzera pa fyuzi ndi relay yolamulidwa ndi kakompyuta, kuti injini ikazima pampu iimenso. Njinga zopangidwa ndi injekita zambiri zili ndi sensa yomva kuti njinga yagwa, imene imadula magetsi nthawi yomweyo. Ganizani za wakabaza amene wagwa pa msewu, paipi yaduka, mwendo wapanikizika, pampu ikupitiriza kuwaza petulo pa injini yotentha. Ndiponso amene afuna kumasula paipi akumbukire kuti pulesha imatsalamo. Achotse fyuzi ya pampu, alize injini kufikira izime yokha, akulunge nsanza polumikizirapo, ndipo pafupi pasakhale mbaula kapena fodya.

Kuyesa ndi geji

Makaniko wa kabuleta amachuna ndi khutu, koma pulesha siimveka ndi khutu. Pafunika geji yolumikizidwa pakati pa sefa ndi injekita. Mukatsekula kiyi, muvi ukwere msanga kufika pa muyeso wolembedwa. Pamene mwaipatsa injini moto, muviwo usagwe. Ukapitirira muyeso, ndiye kuti paipi yobwerera yapindika kapena leguleta yakanirira. Ukaperewera, yang'anani sefa, mavoti ofika pa pampu, ndi pampuyo. Mukazimitsa injini muvi nkugwa nthawi yomweyo, pali pamene pakudontha: kavalavu ka pampu, leguleta, injekita kapena paipi. Kuyesa kotere sikutenga mphindi khumi, ndipo kukanapulumutsa achimwene masiku atatu a ntchito.

Chimene tinapangana

Zonsezi ndinazilemba m'kalata ya masamba anayi, nkuwatumizira achimwene. Atabwera kudzandiona Loweruka lina anandiseka kuti, "Iwe mng'ono wanga, fizi yanga yayamba kubala." Tinakhala pansi pa mtengo nkuwerengera mtengo wa pampu yoyenera, leguleta, sefa ziwiri, paipi, makilampu, geji, ndi kukulunganso makoyilo. Tinaonanso kuti kakompyuta kayenera kuchunidwa molingana ndi injini yawo, ndipo munthu wodziwa ntchitoyo sitinamupeze pafupi. Pamapeto pake anabwezeretsa kabuleta, naitsuka bwino, nasintha sefa ya mpweya ndi pulagi, ndipo kabokosi kaja akasunga m'sutikesi. Fizi ya teremu ino inalipidwa, ngakhale mochedwa ndi masabata awiri.

Sindikunena kuti injekita ndi yoipa. Njinga imene inapangidwa nayo ku fakitale imalira msanga, imadzichuna yokha pokwera ndi potsika, ndipo utsi wake ndi wochepa. Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan amene amanyamula anthu pakati pa Liwonde ndi Balaka ndi a injekita kale, ndipo popeza maiko amene amatipangira njinga akusiya kabuleta, tsiku likudza pamene wakabaza wa pa Nsanama adzafuna makaniko wodziwa geji ndi mita ya magetsi. Amakaniko amene anamanga pampu ija si munthu wopusa. Manja awo amadziwa zimene ine sindidziwa. Chimene chinawasowa ndi masamu ochepa amene ife timawaphunzira mu Fomu 3 tikuyasamula.

Chotero anzanga, amene mudzapite ku sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba, ndi inu amene mudzabwerere kumudzi kukathandiza makolo, musataye makope anu a Physics mayeso akatha. Ndipo amene mukukayika za Torricelli, botolo lija likadali kuseri kwa labotale. Bwerani Lachitatu masana tidzayesere pamodzi.